Njira ya ku shabini timawaphunzitsa ndi ife tomwe

Nkhani ya ana athu ndi mowa ife Amalawi a ku Joni timaikamba mosavuta, chifukwa womuloza chala tili naye kale. Ndi Joni. Ndi ana a kuno osamva amene mwana wathu wagwirizana nawo ku sukulu. Ndi mwini shabini wa pakona amene saona nkhope, amangoona ndalama. Mumazimva zimenezi potuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, pa maliro ku Diepsloot, ngakhale pa Park Station anthu akudikira basi ya ku Blantyre. Zina mwa izo n'zoona ndithu. Koma ine ndikuti ana ambiri a Amalawi kuno, ulendo wawo woyamba wa ku shabini anauyenda atagwira ndalama ya bambo awo m'manja.

Pitani pa yadi iliyonse imene tikukhala mothithikana ku Yeoville kapena ku Cosmo City Loweruka madzulo. Azibambo aweruka, ena ku magadeni, ena ku mashopu a ku Mayfair, akhala pa makreti, mpira uli pa TV. Mowa ukatha palibe amene amafuna kudzuka. "Iwe, tabwera kuno. Tenga mabotolo awa ukatitengere ngudu zitatu, chenji ndi yako." Ngudu ndi botolo lalikulu la mowa. Kamnyamata ka zaka 13 kamati "chabwino adadi", kuika mabotolo m'jumbo, ulendo. Wogulitsa amakadziwa, ndi kamwana ka Amalawi a pa yadi paja, ndiye safunsa kanthu. Pakapita zaka ziwiri, mnyamata yemweyo akadzafika pa kauntala yomweyo ndi ndalama yakeyake, adzamufunsa zaka ndani? Khomo analizolowera, mtengo amaudziwa, fungo la m'katimo silimuopsanso. Amalume ake amene akumwa nawo pa yadipo ndi omwenso tsiku lina amamuti, "Talawa pang'ono mphwanga, ukhale mwamuna," anthu n'kuseka mwana akukwinya nkhope.

Lamulo la dziko lino la South Africa, Liquor Act ya 2003, limaletsa kugulitsa kapena kupereka mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Ambiri timalimva ngati lamulo la eni mashabini okha. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, thupi la mwana lili ndi lamulo lake, ndipo ndi limene ife sitimalikamba. Mwana akamwa timaona mwano, timaona kulowerera ndi kuchititsa manyazi makolo. Sitimaona kuti pali chinthu chimene chikuchitika m'mutu mwake chosiyana ndi chimene chimachitika m'mutu mwa bambo wa zaka 40.

Ubongo wa munthu sumaliza kukhwima pa zaka 18. Umapitirira mpaka cha m'ma 25, ndipo mbali imene imamalizira ndi ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene ntchito yake ndi kuganizira zotsatira, kudziletsa, kunena kuti "apa pakwana". Mbali yofuna chisangalalo ndi kuyamikiridwa ndi anzako imakhala itadzuka kale mwamphamvu. Ndiye mowa ukafika, umayamba kugonetsa mbali yofooka kale ija. Pali chinanso chimene chimapusitsa makolo ndi ana omwe. Munthu wamkulu akamwa kwambiri tulo timamugwira, miyendo imalemera, thupi limamuuza kuti pita ukagone. Achinyamata chenjezo limeneli limawafika mochedwa. Amatha kumwa wambiri akadali chilili, akuvina, anzawo n'kumawatama kuti ali ndi mutu wolimba, pamene mowa m'magazi ukungokwera. "Mutu wolimba" umene anyamata amanyadira uja ndi chizindikiro choipa, chifukwa amene sagwa msanga ndi amene amamwa wochuluka.

Mowa umasokonezanso mbali ya ubongo imene imasunga zinthu zatsopano. N'chifukwa chake munthu amadzuka m'mawa osakumbuka mmene anafikira kunyumba. Ana amaiseka nkhani imeneyi Lolemba ku sukulu, "man, ine sindikukumbuka chilichonse," ngati n'chipambano. Koma mbali yomweyo ndi imene mwana amagwiritsa ntchito posunga masamu ndi sayansi ya Grade 10. Mayi amene akuchapa zovala za azungu ku Fourways kuti alipire fizi ndi thiransipoti ayenera kudziwa kuti kuledzera kwa Loweruka lililonse sikuthera pa matsire a Lamlungu.

Kenaka pali nkhani ya zaka zoyambira, imene kwa ine ndiyo phata. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti anthu amene anayamba kumwa asanakwane zaka 15, mwayi woti adzakhale zidakwa unali wochuluka pafupifupi kanayi poyerekeza ndi amene anayamba ali ndi zaka 20 kapena kuposerapo. Inde, mwana woyamba msanga nthawi zambiri amakhala ndi mavuto ena kale, pakhomo pa ndewu kapena kholo lachidakwa, kotero si mowa wokha umene ukuwerengedwa pamenepo. Komabe uthenga wake ndi womveka. Chaka chilichonse chimene mwana wachedwa kuyamba n'chopindulitsa. Sindikulota kuti ana athu onse adzakula osalawa mowa, ena adzamwa ndithu monga makolo awo amamwera. Chimene ndikulimbira ndi chakuti amene adzamwe ayambe ali ndi zaka 20, osati 14, ndipo pa zaka zimenezi kholo lili ndi mphamvu kuposa mmene limadzionera.

Apa ndi pamene anzanga ena, makamaka amene zinthu zinawayendera ndipo akukhala m'mafulati a ku Randburg, amanditsutsa. Amati bola mwana aphunzire kumwa pakhomo, ndikumuona, kusiyana ndi kukaphunzira kutchire. Kagalasi kamodzi pa Khirisimasi, kabotolo kamodzi pa braai, kuti asamauone mowa ngati chinthu chodabwitsa. Maganizo amenewa amamveka anzeru, ndipo amachokera m'chikondi. Vuto ndi lakuti anayesedwa. Ku Australia ofufuza anatsatira ana pafupifupi 2,000 kwa zaka 6, zotsatira n'kutuluka mu 2018. Ana amene makolo ankawapatsa mowa sanatetezeke. Poyerekeza ndi amene sankapatsidwa ndi wina aliyense, iwo ankaledzera kwambiri, ndipo pambuyo pake ankaupezanso kwa anthu ena. Mwana samva kuti "imwa pang'ono". Chimene amamva n'chakuti "adadi alola". Zotsalazo amakamalizira kwa anzake.

Enanso yankho lawo ndi basi. Mwana akayamba kununkha mowa, mutumizeni kumudzi kwa agogo ake akaphunzire khalidwe. Tisadzinamize, abale. Kumudzi kumene tikukukumbukira, kwa masese a m'chipanda omwa akuluakulu okha pa tsiku la dima, si kumene kuli lero. Boma la Malawi linachita kuletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 chifukwa ana a sukulu ankayenda nawo m'matumba, ndipo Zambia inali italetsa kale tujilijili mu 2012. Masacheti atapita kunabwera timabotolo, ndipo kachasu sanachokepo. Mnyamata wa zaka 16 wokulira ku Joni, wosayankhula bwino Chichewa, wolandira marandi pa foni mwezi ndi mwezi, womuyang'anira ndi gogo wa zaka 70 amene maso sakuonanso bwino, amakhala bwana wa pa trading centre sabata yoyamba yomweyo. Tamuchotsa pamaso pathu, koma mowa sitinamuchotsere.

Tiyeni tiwerenge pang'ono zimene ana akumwa, chifukwa ambiri a ife sitinawerengepo. Ngudu imodzi ndi 750 ml, kuposa zitini ziwiri za 340 ml. Chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa mowa wa pafupifupi chitini chimodzi pa ola, ndipo palibe chimene chimachifulumizitsa. Ngudu zitatu ndiye kuti zitini zoposa zisanu ndi chimodzi, ntchito ya usiku wonse. Ikani zimenezo m'thupi la mwana wa makilogalamu 45 amene sanadye nsima. Za masaida ndiye zimandiwawa mwapadera, chifukwa amayi ambiri amaziona ngati zakumwa zoziziritsa kukhosi. "Si mowa uja, ndi Savanna chabe." Masaida ambiri mphamvu yake ndi ya pakati pa 5 ndi 6 peresenti, chimodzimodzi mowa wa azibambo, ena kuposa. Kusiyana kwake n'kwakuti ndi otsekemera, ndiye kuwawa kumene kukanamubweza mwana pa kumwa koyamba kulibe. Mtsikana amene sangamalize theka la Black Label amamaliza masaida anayi akucheza. Ndipo pa mulingo womwewo wa mowa, thupi la mtsikana limaledzera msanga kuposa la mnyamata chifukwa lili ndi madzi ochepa osungunulira mowawo. Anyamata nawo amasakaniza vodka ndi zakumwa zopatsa mphamvu, zimene zimabisa tulo koma osachepetsa mowa m'magazi ngakhale pang'ono.

Tikamaopseza ana timakonda kunena za chiwindi. Udzatupa mimba, udzafa ndi chiwindi. N'zoona kuti mowa umaononga chiwindi, ndipo bungwe la za khansa la WHO linauika kalekale m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Koma mwana wa zaka 16 kumuuza za matenda a zaka 50 ndi kutaya mawu. Komanso si chiwindi chimene chikupha achinyamata. Chimawapha ndi usiku umodzi: mpeni pa ndewu ya mtsikana kapena ya foni, galimoto ya mnzake woledzera, kuwoloka msewu waukulu wapansi miyendo ikupepesuka, kutsamwa ndi masanzi ali m'tulo.

Amene tinali kuno nthawi ya Covid tinaona umboni ndi maso. Boma litaletsanso kugulitsa mowa kumapeto kwa Disembala 2020, chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chinalengeza kuti pa 1 Januwale 2021 chipinda chake cholandirira ovulala kwambiri chinali chopanda wodwala, koyamba m'mbiri yake pa tsiku la chaka chatsopano. Kunalinso lamulo loletsa kuyenda usiku, ndiye sitingapereke zonse kwa mowa. Koma aliyense amene anaperekezapo m'bale ku chipatala cha boma usiku wa Loweruka la kumapeto kwa mwezi amadziwa fungo limene limadzaza pa mabenchi paja.

Ndiye kunabwera Enyobeni. Pa 26 Juni 2022, ku Scenery Park mu mzinda wa East London, achinyamata 21 anafa pa malo omwera mowa odzaza mopyola muyezo, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 13. Inali nyengo ya mapwando amene ana a sukulu amawatcha "pens down", osangalalira kutha kwa mayeso. Mu 2024 khoti linapeza eni malowo olakwa pa mlandu wogulitsa mowa kwa ana, n'kuwalipiritsa R5,000 aliyense. R5,000, ndalama yosakwana lendi ya fulati ya miyezi iwiri ku Berea. East London ndi kutali, koma mapwando a pens down amachitika kuno ku Gauteng mwezi wa Juni ndi Novembala uliwonse, uthenga wake umayenda pa WhatsApp, ndipo ana athu amaulandira. Mwana akati "ndikukagona kwa mnzanga, tamaliza mayeso," kholo lili ndi ufulu wonse wofunsa dzina la mayi ake a mnzakeyo ndi kuwaimbira.

Kwa atsikana ngozi yake ili ndi nkhope ina, ndipo ndikufuna ndiinene mosamala, chifukwa kwathu timafulumira kuweruza wolakwiridwa. Mtsikana akagwiriridwa ataledzera, wolakwa ndi wogwirirayo, basi. Koma tiyenera kuwauza ana athu poyera kuti alipo amuna akuluakulu amene amagula mowa ndi cholinga chimenechi, ndipo dziko lino ndi limene lili ndi anthu ambiri okhala ndi HIV pa dziko lonse, atsikana achichepere n'kukhala gulu limene likutenga kachilomboka kwambiri. Mtsikana amene zamuchitikira ali ndi maola 72 okha oti ayambe PEP, mankhwala oteteza ku HIV, ndipo kuli malo a Thuthuzela m'zipatala zina za boma othandiza ogwiriridwa. Maola amenewa amatha mwana akulira yekha m'chimbudzi, kuopa kuti akanena, funso loyamba la amayi ake likhala lakuti "unkafunako chiyani kumeneko?" Ndipo mimba ikabwera mtsikana akumwabe, osadziwa kuti waima, mowa umafika kwa khanda ndi kuononga ubongo wake mosabwezeka. South Africa ili m'gulu la maiko amene vuto limeneli linapezeka lochuluka kwambiri.

Sindikufuna kuti eni mowa atuluke oyera pa nkhaniyi. Mu 2016 boma linatulutsa bilu yofuna kukweza zaka zomwera kufika pa 21 ndi kuchepetsa kutsatsa malonda a mowa. Mpaka lero sinakhale lamulo, pamene zikwangwani za mowa zili pa msewu umene mwana amadutsa popita ku sukulu, ndipo mpira umene amaonera ndi bambo ake umathandizidwa ndi makampani omwewo. Dziko lino lili ndi mbiri yowawa pa mowa. Nthawi ya tsankho makhonsolo ankayendetsa okha malo omwera mowa m'malokeshoni, phindu lake n'kumalipirira ulamuliro womwewo wopondereza anthu akuda. N'chifukwa chake mu Juni 1976 ana a sukulu a ku Soweto, kuwonjezera pa maofesi a boma, anatentha mabiyaholo ndi mabotolo sitolo, akudandaula kuti malipiro a abambo awo akuthera kumeneko. Anali ana a misinkhu yomweyi imene lero tikuituma ngudu. Koma kunena zoona, ambiri a ife kuno sitivota, ndipo bilu ija siidzasuntha chifukwa cha Mmalawi wa ku Tembisa. Chimene chili m'manja mwathu ndi yadi.

Ndikudziwa mmene moyo wa kuno ulili. Mayi amagona ku ntchito Lolemba mpaka Lachisanu. Bambo ndi mlonda, amachoka 5 koloko madzulo kubwera m'mawa. Mwana amadzitsegulira yekha chitseko, amadziphikira yekha, ndipo maola a pakati pa kuweruka ku sukulu ndi kugona alibe mwini. Palibe amene anasankha zimenezi chifukwa cha ulesi. Koma ndi pamenepa pamene mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe amayenera kugwira ntchito, osati pa ukwati pokha. Timatha kusonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi m'masiku ochepa, magulu a WhatsApp a anthu a ku Mangochi, a ku Mzimba, a ku Ntcheu amagwira ntchito usiku ndi usana. Koma kuuza mnzako kuti "achimwene, mwana wanu ndinamuona pa shabini dzulo" timati ayi, angandide. Ndipo amene wauzidwayo nayenso amayamba ndi kukwiyira wonenayo.

Mipingo yathu ndi mizikiti nayo ili ndi gawo. Imaphunzitsa kuti mowa ndi tchimo, ndipo sindikulimbana ndi chiphunzitso chimenecho. Koma pamene nkhani yonse yathera pa tchimo ndi manyazi, mwana wa mkulu wa mpingo amaphunzira chinthu chimodzi, kubisa. Amatafuna chingamu, amalowa m'nyumba makolo atagona. Tsiku limene zinthu zavuta, anzake amene ali naye amaopa chikwapu cha bambo ake kuposa imfa, ndiye m'malo moimba foni amamukokera kuseri kwa nyumba kuti "agone kaye, mowa utsike". Ine ndimakhulupirira kuti kholo likhoza kunena zinthu ziwiri nthawi imodzi popanda kudzitsutsa. Choyamba, pakhomo pano sumwa, ndipo ndikakupeza tidzakambirana mwamphamvu. Chachiwiri, tsiku limene iwe kapena mnzako wamwa mpaka zavuta, ndiimbire ola lililonse, ndidzabwera, ndipo milandu tidzakamba kukacha. Ena amati kunena chachiwirichi ndi kumupatsa chilolezo. Ayi. Chilolezo ndi kumutuma ngudu ndi kumulawitsa pa braai. Ichi ndi kumupatsa nambala yoimba pamene wina akufa.

Ndipo zoti tichite usiku umenewo tizidziwe ife tomwe, chifukwa zambiri zimene timachita ndi zolakwika. Mwana amene sakudzuka mukamugwedeza, akupuma pang'onopang'ono kapena modukizadukiza, thupi lazizira, milomo yasintha mtundu, kapena akusanza ali chikomokere, sali m'tulo. Mowa umene uli m'mimba umapitirira kulowa m'magazi ngakhale wasiya kumwa, kotero akhoza kuipiraipira mutamugoneka. Khofi sachotsa mowa. Mkaka suchotsa mowa, ndipo kumwetsa chilichonse munthu wokomoka ndi kumutsamwitsa. Kumuthira madzi ozizira, makamaka m'nyengo ya Juni ndi Julayi ya kuno pamene usiku kumagwa chisanu, n'koopsa, chifukwa mowa umakhala watsitsa kale kutentha kwa thupi. Mugonekeni chammbali, bondo limodzi lopinda, pakamwa popendekera pansi kuti masanzi atuluke, mumufunditse, ndipo wina asachoke pambali pake. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177.

Ndikudziwa chimene chimagwira dzanja la kholo la Chimalawi pa nthawi imeneyi: mapepala. Pasipoti inatha, pemiti palibe, ndipo tonse tamva za anthu obwezedwa pa geti la kiliniki. Mantha amenewa si opeka. Koma Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti palibe munthu amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo silikunena nzika zokha. Mwana wokomoka ndi mowa ndi wodwala wa mwadzidzidzi. Ambulansi ikachedwa, monga imachedwera m'malo ngati Diepsloot, gogodani kwa neba wa galimoto. Mukafika, namwino akafunsa kuti wamwa chiyani, wochuluka bwanji, nthawi yanji, ndiponso ngati wasakaniza ndi mapilitsi kapena chamba, nenani zoona zonse, ndipo mutenge mnzake mmodzi amene anali naye, chifukwa ndi iyeyo amene akudziwa.